Ndikamva njinga yawo ikufika mtima umathamanga: kodi zimenezi ndi nkhanza?

Funso

Ndine mayi wa ana atatu. Kwathu ndi ku Bembeke, koma zaka ziwiri zapitazo bambo a kunyumba anandipempha chitengwa ndipo tikukhala kufupi ndi msika wa Lizulu. Si munthu womenyamenya ayi. Koma ndalama za mbatatesi zomwe timalima tonse amasunga okha, ya sopo ndi mchere ndimachita kupempha. Foni yanga amaiwerenga usiku uliwonse, nambala yachinsinsi ya Mpamba anaisintha. Anandiletsa kubanki mkhonde ndi kukwaya, akuti ndimaphunzirako mwano. Akakwiya amatha sabata osandiyankhula, kenako amabwera ndi chitenje chatsopano. Mwezi watha titasemphana mawu anandikanyanga pakhosi mpaka m'maso munachita mdima. Kutacha anati sizinachitike, ndimalota. Ankhoswe akuti banja ndi kupirira. Masiku ano sindikuona tulo, mutu umangopweteka, kuchipatala malungo sakuwapeza. Ndikangomva njinga yawo yamoto ikufika, mtima umangoti thi! thi! thi! Kodi zimenezi ndi nkhanza, kapena ndine amene mutu wayamba kusokonekera?

Yankho

Mayi, mutu wanu uli bwinobwino. Zimene mwafotokozazi ndi nkhanza za m'banja, ndipo mwa zonsezo chilipo chimodzi chimene sitingachisiyire kumapeto: dzanja lija linafika pakhosi panu. Tiyambira pomwepo.

M'mbali mwa khosi mumadutsa mitsempha ikuluikulu imene imapititsa magazi ku ubongo. Sipafunika mphamvu zambiri kuti itsekeke, ndipo ikatsekeka munthu amatha kukomoka m'masekondi 10 okha. Dzanja likakhalapobe kwa mphindi zochepa chabe, kumakhala maliro. Mdima munauona uja unali ubongo utayamba kusowa mpweya. Chimene chimapusitsa achibale n'chakuti khosi nthawi zambiri silionetsa bala kunja. Amaliyang'ana, n'kuona kuti palibe potupa, basi nkhani yatha: "ndi mikangano ya m'nyumba imeneyi." Koma kafukufuku amene anatuluka ku America mu 2008 anasonyeza kuti mayi amene anakanyangidwapo pakhosi ndi mwamuna wake, mpata woti mwamunayo adzamupha umakula pafupifupi ka 7 kuposa wa mayi wozunzidwa amene sizinamuchitikirepo. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chaimba kale, ndipo inu mwaimva.

Ngakhale papita mwezi, kaonaneni ndi dokotala ndipo mukamuuze mosabisa kuti munafinyidwa pakhosi mpaka kuona mdima, makamaka ngati mawu anu akadali osasa, kumeza kukuvuta, mukumva chizungulire, mukuiwalaiwala, kapena dzanja kaya mwendo wa mbali imodzi ukuchita dzanzi. Zikadzachitikanso, musadzadikire kuona kuti mawa kucha bwanji. Khosi limatha kutupira m'kati pang'onopang'ono kwa tsiku limodzi kapena awiri, munthu amene madzulo amayenda bwinobwino n'kuyamba kubanika pakati pa usiku. Timadontho tofiira m'maso kapena kumaso, kupuma movutikira, kukomoka ngakhale pang'ono, kudzikodzera panthawiyo osazindikira: chilichonse mwa izi ndi cha kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati muli oyembekezera, pitani ngakhale musakumva kalikonse.

Tsono ku funso lanu lenileni. Ambiri timayeza nkhanza powerenga zibakera, n'chifukwa chake inunso mwayamba ndi kuwaikira kumbuyo kuti si omenyamenya. Muyezo woona ndi mantha. Banja lililonse limakangana, kaya pa za fetereza, za fizi, kaya za achibale obwera kudzapempha. Koma pa mkangano wamba onse awiri amatha kukweza mawu, onse amatha kunena kuti ayi, ndipo wonena ayiyo amagona tulo osaopa chimene chimugwere. Pa nkhanza mmodzi ndiye amalamula, winayo amakhalira kuwerenga nkhope: lero abwera bwanji, mchere m'ndiwomu wakwana kodi, ana ndiwagoneke msanga asanafike. Dzifunseni kuti zaka ziwiri zapitazo munkapita kuti, munkacheza ndi ndani, munkagwira ndalama zingati m'manja mwanu, n'kuyerekeza ndi lero. Ngati chingwe chanu chikunka chifupika ngati cha mbuzi ya m'dzinja, pamene iwo akuyenda monga kale, ndipo chikukuletsani kudandaula ndi mantha, dzina lake ndi nkhanza ngakhale pasakhale chipsera ndi chimodzi chomwe.

Malamulo a dziko lino amaonanso chomwecho. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006, lotchedwa Prevention of Domestic Violence Act, silinena za kumenya kokha. Limatchulanso nkhanza zokhudza kugonana, zozunza maganizo, ndi za chuma. Vutoli ndi lofala kuposa mmene timavomerezera: kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakwatiwapo anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya zomenya, zogonana kapena za maganizo. Aliponso abambo amene akukhala moyo womwewu m'manja mwa akazi awo n'kumabisa poopa kusekedwa. Lamuloli limawateteza nawonso, ndipo zambiri tikunena pano zikuwakhudza.

Taonani mmene zinthu mwatchulazi zalukirana ngati nsungwi za dengu. Chitengwa pachokha si cholakwika, mabanja ambiri a ku Dedza ndi ku Ntcheu akukhala bwino pachitengwa. Koma kwa inu chinakuchotsani pamaso pa amayi anu, alongo anu ndi amalume, anthu amene akanamva kukuwa usiku. Banki mkhonde inali ndi zinthu ziwiri zosasangalatsa munthu wofuna kulamulira mnzake: ndalama yanuyanu, ndi gulu la amayi okuonani sabata iliyonse, amene akanafunsa kuti "mwaonda bwanji chonchi, kwagwanji?" Kwaya chimodzimodzi. Foni ndi Mpamba ndiyo inali njira yotsala yofikira kwanu ndi yolandirira kangachepe kuchokera kwa achibale, nayonso yatsekedwa. Ndalama za mbatatesi zikalowa m'thumba limodzi, inu amene munabzala, kupalira ndi kukumba mulibe ngakhale ya minibasi yopitira ku Bembeke. Chilichonse pachokha chimaoneka chaching'ono ndipo chimabwera ndi chifukwa chake chomveka. Mukaziika pamodzi mupeza kuti zonse zikutseka makomo, palibe ndi chimodzi chomwe chikutsegula.

Chitenje chija n'chimene chimasokoneza kwambiri. Nkhanza kawirikawiri zimayenda mozungulira: nkhope imayamba kugwa, mawu amachepa, aliyense m'nyumba amayenda monyang'ama, kenako chimaphulika, kenako kupepesa, mphatso, kuseka ndi ana, mwina mpaka kupita limodzi kutchalitchi. Masiku abwinowo amakomadi, n'chifukwa chake mtima umakakamira pomwepo n'kumati munthu amene ndinakwatiwa naye uja wabwerera. Komatu sabata ya chete ija ndi chilango, ndipo chitenje chimabwera kudzakwirira nkhani isanakambidwe. Kumbukirani bwino muone ngati masiku abwino sakunka nafupika pamene zoipa zikukula. Poyamba kunali kusayankhula, lero zafika pakhosi. Nkhanza zikafika pamenepa sizibwerera m'mbuyo zokha.

Zoti "sizinachitike, umalota" ndi chida china, ndipo ndicho chakufikitsani pofunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Munthu akamauzidwa mobwerezabwereza kuti zimene anaona sanazione, pamene alibenso mnzake womufotokozera, amayamba kukayikira maso ake omwe. Mankhwala ake ndi kulemba. Pezani kope laling'ono, muzilemba tsiku, zimene zinanenedwa, zimene zinachitika, ndi amene analipo. Mizere itatu yakwana. Kopelo lisagone m'nyumba mwanu, lizikhala kwa munthu amene mumamukhulupirira. Lidzakukumbutsani kuti simukulota, ndipo lidzakhala umboni tsiku limene mudzaufune.

Mudzamva anthu akuti ndi mowa, ndi nsanje ya chikondi, ndi mtima wapachala wa kumtundu kwawo, kapenanso kuti wina anawadyetsa mankhwala. Mowa umakulitsadi ngozi. Koma tafunsani: wogula mbatatesi akawanyenga pamtengo pa Lizulu, amamugwira pakhosi? A mfumu akawadzudzula, amatha sabata osawayankhula? Munthu amene amadziwa kuugwira mtima pamsika, n'kudzaumasula m'nyumba chitseko chitatsekedwa, amachita kusankha pochitira. Choncho kuphika bwino, kufatsa, kugwada kwambiri, kusiya anzanu onse sikungathetse vutoli, chifukwa gwero lake si inu. Mwayesa kale zonsezo, koma zoletsa zikungochulukirabe.

Za mutu, tulo ndi mtima wothamangawo zili ndi chifukwa chake chodziwika bwino. Munthu akaona njoka, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol: mtima umathamanga, minofu imakungika, m'mimba mumaima, tulo timabalalika, zonsezo kuti athe kuthawa kapena kulimbana nayo. Njoka ikapita, zonse zimabwerera m'malo mwake. Vuto limabwera pamene choopsacho chimagona nanu chipinda chimodzi. Thupi silipeza mpata wopuma, ndiye minofu ya m'khosi ndi m'mapewa imakhala yokungika tsiku lonse n'kubala mutu wopweteka ngati wamangidwa chingwe, chakudya sichilowa, m'mimba mumaotcha, BP imatha kukwera. Kulira kwa njinga kuja thupi linakuloweza ngati chenjezo, ndipo limadzidzimuka inu musanaganize n'komwe. N'chifukwa chake kachipangizo koyezera malungo kakuonetsa mzere umodzi ulendo uliwonse, ndipo panado akungoziziritsa kwa maola ochepa.

Zikakhalitsa zimatha kusanduka matenda a maganizo amene achipatala amawatcha depression. Munthu amakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, zomwe ankazikonda sizimukomeranso, amatopa osadziwa chamutopetsa, amadzuka mbandakucha tulo osabweranso, amadziona wachabechabe, maganizo sakhazikika mpaka nsima kupserera iye ali pomwepo. Zikapitirira masabata awiri ndi matenda ofunika thandizo, ndipo amachizika. Si misala, ndiponso sikuti mukatumizidwa ku Zomba. Zipatala zikuluzikulu za m'maboma, monga cha Dedza ndi cha Ntcheu, zimakhala ndi anamwino kapena madokotala amene anaphunzira za matenda a maganizo. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti wodwala amangoti "mutu", dokotala amene mzere wamutalikira panja n'kulemba panado. Inu mukanene chonchi: "Ndayezetsa malungo kangapo sakupezeka, sindikugona, kunyumba ndikukhala mwamantha, ndikufuna kuonana ndi oona za maganizo." Ngati amuna anu amawerenga buku lanu la kuchipatala, muuzeni dokotalayo asanalembe, kuti mugwirizane zolowa m'bukumo ndi zotsala kuchipatala. Mukapatsidwa mankhwala, dziwani kuti amayamba kumveka pakatha masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina kupitirirapo, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Adzakubwezerani tulo ndi mphamvu zoganiza, koma dzanja pakhosi sachotsa.

Tifunsenso chimene ambiri amaopa kufunsa. Ngati maganizo oti bola kungofa amakufikirani, musachite nawo manyazi ndipo musawasunge nokha. Uzani munthu lero lomwe, ndipo pitani kuchipatala. Maganizo amenewa ali ngati mvula yamkuntho, amawomba mwamphamvu n'kudutsa, ndipo chimene chimapulumutsa anthu ambiri ndi kusakhala ndi choopsa pafupi pa ola loipalo. Kwanuko n'kwa alimi a mbatatesi, tomato ndi kabichi, nyumba zambiri zili ndi mankhwala opopera ndi osungira chimanga. Atulutseni m'nyumba, akakhale kwa wina, kapena potsekedwa ndi loko amene kiyi wake simusunga inu.

Za ankhoswe tinene mosamala, chifukwa unkhoswe ndi chinthu chabwino. Umathetsa nkhani zambiri: za munda, za apongozi, za mwamuna wosasiya ya ndiwo. Koma umayenda bwino pakakhala anthu awiri otha kuyankhula momasuka pamphasa imodzi. Pamene mmodzi akuopa mnzake, bwalo lotere limapotoka. Mayi akanena zonse, amalipira usiku ankhoswe atapita. Akabisa, ankhoswe amapita akuganiza kuti nkhani inali yaing'ono. Mwamuna wotere pamaso pa anthu amakhala wofatsa, waulemu, wopepesa msanga, pamene mayi amene sanagone mwezi wathunthu amalira, kusokoneza mawu, n'kuoneka ngati wovuta ndi iyeyo. Ndiye chigamulo chimakhala chomwe mwamva kale chija. Kupirira kumene kumamanga banja ndi kwa njala, matenda ndi umphawi, zinthu zimene awiri amasenza limodzi. Kupempha chitengwa si kugula munthu. Mukadali mbumba ya amalume anu, ndipo ali ndi mphamvu yokuitanitsani. Choncho onanani ndi ankhoswe a kuchikazi kapena mwinimbumba panokha, amuna anu palibe, ndipo musakanene kuti "sitikumvana". Mukanene kuti: "Anandikanyanga pakhosi mpaka ndinaona mdima, ndikuopa kuti adzandipha." Manenedwe awiriwa amabala mayankho osiyana kwambiri. Akabwerezabe za kupirira, musataye nthawi kuwakakamiza, pitani kwina. Kufinya munthu pakhosi ndi mlandu, ndipo simufunika chilolezo cha ankhoswe kuti mukadandaule kupolisi.

Sitikuuzani kuti chokani mawa kapena khalani. Moyo ndi wanu, ndipo inu ndi amene mukudziwa zimene mungakwanitse. Koma chimodzi tikuchinena motsindika: musalengeze. Nthawi yoopsa kwambiri kwa mayi wozunzidwa ndi pamene mwamuna wazindikira kuti akuchoka, komanso miyezi yoyamba atachoka, chifukwa ulamuliro umene anaumanga ukugumuka iye akuona. Mawu oti "ndikupita kwathu" onenedwa mkangano uli m'kati avulazitsa amayi ambiri. Wochoka amachoka mwakachetechete, masana, mwamuna ali kumsika kapena kumunda, uthenga n'kubwera pambuyo kudzera mwa ankhoswe.

Kaya muchoka kaya mukhala, konzekani kuyambira sabata ino. Sankhani anthu awiri, mmodzi woyandikana naye nyumba, wina wa ku Bembeke. Posankha pewani amene amacheza kwambiri ndi amuna anu kapena achibale awo, ndi amene nkhani siigona m'kamwa mwake. Ndi woyandikana nayeyo panganani chizindikiro: mwana akabwera usiku kudzapempha machesi, kapena mukamuflasha kawiri, adziwe kuti ayenera kubwera ndi anthu, osati yekha. Kwa iyeyo kasiyeni kajumbo kokhala ndi zovala zosinthira, mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku ngati alipo, ndalama yokwana kabaza ndi minibasi ya anthu anayi, mabuku a kuchipatala anu ndi a ana, ndi chiphaso chanu cha unzika. Zitulutseni chimodzichimodzi, m'dengu la kuchigayo kapena pansi pa zochapa, ndipo zimene amuna anu angazindikire msanga kuti zasowa zituluke pomalizira. Ndalamayo isonkhanitseni pang'onopang'ono, isadutse pa Mpamba imene nambala yake ali nayo. Ngati n'kotheka pezani simukhadi ina yolembetsa m'dzina lanu, ikhale komweko. Manambala awiri kapena atatu muwaloweze pamtima, chifukwa foni ndiyo imayamba kulandidwa kapena kuphwanyidwa.

Mkangano ukayamba, yang'anani pamene mwaima. Kukhitchini kuli mipeni, moto ndi madzi otentha. Kuchipinda khomo ndi limodzi. Sunthirani pabalaza kufupi ndi chitseko chotulukira panja, kapena pabwalo penipeni pamene anthu angaone. Chikwanje, nkhwangwa ndi makasu zisamagone poonekera. Masiku amene nkhope yagwa musavale mpango kapena mkanda m'khosi. Ngati kuvomera zimene akunena kungakupatseni mpata wotuluka, vomerani, mupulumuke kaye. Ana auzeni momveka bwino kuti ntchito yawo si kuleretsa, koma kuthamangira kunyumba yakutiyakuti kukaitana anthu. Ana ambiri amavulala poyesa kutchinga amayi awo. Ndipo musaganize kuti sakuona. Mwana amene wayambanso kukodza pogona, amene akudzidzimuka usiku, kapena amene wayamba ndewu kusukulu, kawirikawiri amakhala akukuuzani zimene wamva kuseri kwa khoma.

Simunatchule za kuchipinda, koma amayi ambiri amene ali pamene mulipa amakakamizidwanso kugonana, makamaka pambuyo pa mkangano, ati kutsimikiza kuti nkhani yatha. Kukwatiwa sikumulanda munthu ufulu wokana. Zikachitika mokakamiza ndipo mukukayika za kumene amuna anu amayenda, musachedwe: mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28, pamene mapiritsi olera apangozi amagwira mpaka maola 120, koma amagwira bwino kwambiri mukamwa msanga. Kuchipatala cha boma zonsezi ndi zaulere. Wina akakufunsani kalata ya kupolisi, pemphani kuti ayambe wakuthandizani, kalatayo ibwera pambuyo.

Kupolisi funsani ofesi yothandiza ozunzidwa, imene ambiri amangoitchula kuti Victim Support. Pitani ndi munthu wina, ndi kope lija, ndi zimene achipatala analemba. Apanso manenedwe ndi ofunika. Mukangoti "tili ndi mavuto a m'banja", nkhani imatha kutengedwa ngati yongoyanjanitsa, mwinanso n'kupatsidwa kalata yoitana amuna anu kuti mukawapatse nokha. Kalata imeneyo musavomere kuinyamula. Fotokozani za pakhosi ndi kuti mukuopa, pemphani kuti aipereke okha kapena kudzera kwa a mfumu. Lembani dzina la wapolisi amene wakuthandizani ndi tsiku limene munapitako. Dziwaninso kuti munthu akamangidwa sakhalitsa m'chitokosi: malamulo amati afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, ndipo amatha kutuluka pa belo. Ku Lizulu kwanukonso malire a dziko ali pamsewu pomwepo. Munthu amangodumpha M1 n'kukhala ali ku Mozambique, n'kubwerera usiku pamene aliyense akuyesa kuti anathawa. Choncho musanapite kukadandaula, dziwani kumene mukagone usiku umenewo ndi masiku otsatira, ndipo kusakhale kunyumba imene mukukhala ndi amuna anu. Achibale a kuchimuna adzabwera kudzakupemphani kuti mukathetse mlandu, ena ndi misozi, ena ndi mawu oti ana adya chiyani. Musayankhe muli nokha, musayankhenso tsiku lomwelo.

Njira ina imene ambiri saidziwa ndi ya kukhoti la majisitireti, ndipo siidikira kuti munthu amangidwe kaye. Potsatira lamulo la 2006 lija mukhoza kupempha chikalata chachitetezo, chimene kukhotiko amachitcha protection order, choletsa amuna anu kukuopsezani, kukuvutitsani kapena kufika pamene mukukhala. Pakakhala ngozi khoti limatha kupereka chongoyembekezera mwachangu, nkhani yonse isanamvedwe. Palinso chikalata china chopatsa wozunzidwa ufulu wokhala m'nyumba, wozunzayo n'kutuluka. Chimenechi chimathandiza kwambiri amayi a pachikamwini, amene nyumba ili pamalo a kwawo. Kwa inu pachitengwa, ife tikuona kuti kubwerera ku Bembeke n'kotetezeka kuposa kutsala pakati pa achibale awo. Wophwanya chikalata chotere wapalamula mlandu. Komabe pepala si mpiringidzo wa chitseko: limagwira ntchito ngati a mfumu, oyandikana nawo ndi apolisi a m'dera akulidziwa, ndipo inu mukukanena nthawi iliyonse laphwanyidwa. Za chakudya ndi fizi, lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati kholo liyenera kusamalira ana ake kaya banja lilipo kaya latha, ndipo khoti limatha kulamula ndalama yoti bambo azipereka. A ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma, ndi a Legal Aid Bureau amene amathandiza osowa ndalama ya loya, angakutsogolereni pa zimenezi. Pafoni, 5600 ndi nambala yaulere ya nkhani za nkhanza, 116 ndi ya nkhani za ana. Zonse ziwiri amayendetsa ndi a bungwe la YONECO.

Mwina mumtima mukufunsa ngati angasinthe. Ena amasintha, koma sasintha chifukwa choti mkazi wapirira kwambiri. Poyambira pake ndi kuvomera pamaso pa anthu, osawonjezerapo kuti "koma iyenso". Munthu amene akuti munalota sanafike n'komwe poyambirapo. Kusintha kwenikweni mudzakuona pa zinthu zogwirika: nambala ya Mpamba yabwezedwa, ndalama za mbatatesi mukuwerenga muli awiri, mwabwerera kubanki mkhonde popanda mafunso, mwakana chinthu ndipo palibe chakugwerani, ndipo zakhala choncho kwa miyezi yambiri. Koma akayamba kunena kuti adzakuphani, kapena kuti adzadzipha mukachoka, akayamba kugona ndi mpeni kapena chikwanje pafupi, kukutsatirani kuchigayo ndi kumjigo, kapena akadzafikanso pakhosi, musadikire kuti kajumbo kadzaze. Tengani ana mutuluke mpata ukangopezeka, ngakhale usiku womwewo, kwa woyandikana naye uja, kwa a mfumu kapena kupolisi.

Kwatsala za foni imene mwagwirayi. Mwati amaiwerenga usiku uliwonse. Mukamaliza kuwerenga, fufutani yankho lino pa mndandanda wa zimene mwatsegula pa intaneti, pamodzi ndi uthenga umene munatumizira funso lanu. Musafufute zonse, chifukwa foni yoyera mbee imadzutsa mafunso. Chotsani zokhudza nkhaniyi zokha. Mukafuna kuimba 5600 kapena kuyankhula ndi amalume, bwerekani foni ya woyandikana naye uja, masana, njinga isanamveke.